Timabawuti M'khosi mwa Phuma

Okondedwa Amayi,

Moni wanga ukupezeni muli pamthunzi. Muli bwanji? Bondo lija likuti chiyani masiku ano? Kodi mankhwala mukumwa, kapena mwawaika pawindo kuti adzachize alendo? Ine kuno ndili bwino. Kochapira zovala ntchito ikuyenda, kungoti nthunzi ya makina ositira yandisupula zikhatho.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni simundilola kumaliza. Ndikangoti Phuma mwayamba kale kulira, ndikati chipatala foni mwapatsira alamu, akazi akewo, nawonso n'kuyambira pomwe mwasiyira inu. Ndiye amene akukuwerengeraniyo awerenge modekha, ndipo mukalira adikire, asadumphe mzere. Mwana wanu ali moyo, akudya, ndipo pakamwa pake sipanathyoke. Zotsalazo ndikuuzani mmene zinayendera.

Munamva kuti Phuma anagwa pantchito, ndipo n'zoona. Ankapenta khoma la nyumba yosanja imene ikumangidwa kufupi ndi pokwerera mabasi. Makwerero anawaimika pamchenga, mnzake woti awagwire anapita kukasungunula penti, ndipo mlongo wangayu, monga mwa dzina limene munamupatsa, sanadikire. Sanagwe kuchokera patali kwenikweni, mwina ngati pa denga la nyumba yathu. Koma anafikira mutu. Chipumi chinagunda mulu wa matumba a simenti, thupi n'kupitirira.

Chimene simunamve n'choti anadzuka. Anadzuka yekha, n'kusasa fumbi, n'kuyamba kuseka anzake amene anathamangira. Kapitawo anamuuza kuti apite kuchipatala, iye anati khosi langouma ngati munthu wagonera molakwika, ndi kadzanzi m'zala basi. Anamuuza aweruke akapume. Munthu wina akanapita kukagona. Mwana wanu anapita kwa wometa.

Wometayo anthu amamutchula kuti a Lumo. Ali ndi kachipinda kamalata kuseri kwa msewu wathu, muli galasi losweka pakona, wailesi yosazima, ndi mpando umodzi wa muofesi umene unathothoka mawilo kalekale. Amuna a kuno sapitako chifukwa cha kametedwe, pakuti a Lumo amameta ngati akupalira. Amapitira zimene amachita akamaliza. Amagwira munthu chibwano ndi nkhongo, n'kupotokola mutu uku mpaka khosi lilire, kenako ukunso, munthu n'kutuluka akuti wapepukidwa ngati wabadwa lero. Onyamula katundu, oyendetsa malole, omanga, onse makosi awo amakawongoletsa kumeneko. Ndiye Phuma ataona kuti khosi lauma, anaona ngati akudziwa kopita.

A Lumo akuti sanafike n'pakupotokola pomwe. Anangopendeketsa mutu pang'ono, Phuma n'kukuwa kuti moto wadutsa m'manja mpaka kumapazi, ngati wagwira waya wamagetsi. Kenako manja anagwera m'mbali mwa mpando ngati nsanza zonyowa. Anati miyendo sakuimva.

Apa ndi pamene mantha anatigwirira ntchito. A Lumo anauma. Manja awo anatsala pomwepo, lina pachibwano lina pankhongo, osatha kupitiriza, osathanso kusiya. Pakhomo panadzaza anthu, aliyense ndi nzeru yake. Wina amati amugoneke pansi, wina amati amuthire madzi ozizira, wina amati amalizitse mbali inayo kuti fupa libwerere, ndipo wina anali ataitana kale njinga yamoto kuti amukweze pakati pa anthu awiri. A Lumo anangonena kuti aliyense wokhudza mpandowo amuluma, ndipo nkhope yawo inkaonetsa kuti sakunama. Mayi wina wogulitsa zipatso ndi amene anaimbira ambulansi, kenako n'kuimbira ine.

Ndinafika ndili chivalire epuloni ya kuntchito. Phuma sankatha kutembenuka, ndiye tinaonana m'galasi losweka lija. Chinthu choyamba chimene ananena n'choti ndisakuuzeni inu.

Anthu a ambulansi atafika anamuveka kolala yolimba, mmodzi n'kulowetsa manja ake pansi pa manja a a Lumo, ndipo anachita kuwatambasula zala chimodzichimodzi kuti asiye. Phuma anamugoneka pa thabwa, n'kumumanga chipumi, chifuwa ndi miyendo ngati katundu wosweka. Mmodzi wa iwo anati amene wagwira mutuwu wachita bwino kwambiri. A Lumo sananene kuti anaugwira akufuna kuchita nawo chiyani. Ndinawanenera ine.

Kuchipatala anamulowetsa m'makina ojambula, kenako kunabwera dokotala wa mitsempha ndi mafupa a msana. Ndi mayi wamfupi, wa tsitsi lometa, wosataya mawu. Mukanakumana nawo pamsika mukanaganiza kuti ndi mphunzitsi wa masamu amene ana amamuthawa. Anandiitana pafupi ndi machira kuti nanenso ndione chithunzi.

Amayi, khosi limene timasenzera mitsukoli mkati mwake ndi timafupa tosanjikizana, kalikonse ndi bowo pakati. M'mabowomo mumadutsa mtsempha waukulu wochokera mu ubongo, umene umauza manja ndi miyendo zochita. Adokotala anati kafupa kamodzi cha kumunsi kwa khosi kanasweka pamene anagwa, koma kanali kadakali pamalo pake, n'chifukwa chake anatha kuyenda. Kupendeketsa kuja kunakatsetsereza, chidutswa n'kulowa mkati kukapsinja mtsempha.

Anatenga kasingano n'kumamubaya pang'onopang'ono kuyambira paphewa kutsika. Pachifuwa sankamva, pamimba sankamva, pantchafu sankamva. Atafika kuphazi la kumanja Phuma anati akumva ngati wina akumukhudza kudzera m'bulangete. Adokotala anabwerezanso, iye n'kunenanso chomwecho. Anati zimenezo zikusonyeza kuti mtsempha sunaduke, wangopsinjika, ngati mbewu yongomera kumene imene yagweredwa mwala. Mwala ukachotsedwa msanga mbewu itha kudzuka, ukakhalitsa imafota. Anati akufuna amuchite opaleshoni tsiku lomwelo, masanawo.

Sanatibisire kanthu. Anati mawu atha kusasa, kumeza kutha kuvuta, magazi atha kutayika, ndipo n'zotheka kuchotsa mwalawo mbewu osadzuka. Anatinso pali ena ochepa amene sadzuka pa tebulo lija. Anamaliza ndi kunena kuti wovomereza ndi mwini khosi, popeza mutu wake unali ukugwira bwinobwino.

Phuma anakana. Anakumbukira Bambo, mmene analowera ku opaleshoni ya m'mimba akuyenda okha osabwerako, ndi mawu anu a pamaliro aja oti mwana wanu aliyense sadzapita pampeni inu osadziwa. Munthu yemwe uja amene ankati ndisakuuzeni, tsopano amati sachita kanthu mpaka mutamva. Ndinakuimbirani, foni yanu inali yozima, ndipo ndikudziwa kumene inali: kugolosale, ikudya moto. Ndinaimbira alamu, yawo inali limodzi ndi yanu. Amalume anayankha, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati nkhaniyi ndi yaikulu, asonkhanitsa abale Lamlungu.

Nthawi yonseyi adokotala anali chiimire, manja m'matumba a malaya awo, namwino akusuzumira pakhomo kufunsa ngati chipinda cha opaleshoni achisungebe kapena achipereke kwa wina. Phuma anawayang'ana ndi maso okha, popeza china choti n'kutembenuza panalibe.

"Adokotala, mukandichita opaleshoniyo ndidzayendanso?"

"Sindikulonjezani. Chimene ndikudziwa n'choti pamene tikuyankhula pano mtsempha wanu ukufa pang'onopang'ono."

Iye anayang'ana kudenga. Ndinaona kuti akufuna kunenanso za Lamlungu. Ndiye ndinawerama pafupi ndi khutu lake.

"Iwe Phuma, chibadwire sunadikirepo munthu. Pobadwa sunadikire mwezi wako, m'mawa uno sunadikire wogwira makwerero. Lero ndiye wasankha kudikira amalume?"

Anaseka, misozi ikutsikira m'makutu, ine n'kumamupukuta ndi epuloni.

"Achemwali, mukamawauza Amayi munene kuti mwandikakamiza ndinu."

Ndiye, Amayi, ndikunena monga anandituma: ndinamukakamiza ndine. Ngati pali mlandu, ubwere kwa ine, ndili ndi khosi lathunthu lousenzera.

Anamutenga. Ine ndinatsala pa benchi ya m'khonde, moyang'anana ndi chithunzi chophunzitsa kusamba m'manja, chimene ndinachiwerenga mpaka kuchiloweza. A Lumo anali atatsatira wapansi. Anakhala kumapeto kwa benchi yomweyo, manja ali pakati pa mawondo. Ndinkafuna ndiwatukwane, koma mutu umene ndinkaudikirawo anausunga ndi iwo, ndiye ndinasowa poyambira. Pamapeto pake ndinagula tiyi, n'kuwagawira. Theka anamwa, theka linatayikira pa nsapato.

Madzulo adokotala anatuluka, chizindikiro cha chophimba kumaso chitadindika pamphuno. Anati mwala wachoka, tsopano tidikire mbewu. Ndinawafunsa zimene achita, popeza ndinkadziwa kuti mudzandifunsa, ndipo anandifotokozera ali chiimire.

Anacheka kutsogolo, cha m'mbali mwa mmero, motsatira mzere wa khungu. Ndinafunsa kuti bwanji kutsogolo pamene msana uli kumbuyo. Anati chidutswacho chinkapsinja kuchokera kutsogolo, ndipo njira ya kumeneko ndi yachidule: amangokankhira pambali njira ya mpweya ndi ya chakudya, mafupa aja n'kuonekera. Anachotsa kafupa kosweka ndi zidutswa zake mpaka mtsempha unamasuka. Pamene panatsala mpata anaikapo kafupa kamene anadula m'chiuno mwake momwe, kenako pamwamba n'kumangapo kachitsulo kathyathyathya ndi timabawuti, kuti mafupa a pamwamba ndi a pansi agwirane. Chitsulocho sadzachichotsa. Akuti sichichita dzimbiri, ndinafunsanso.

Masiku oyamba anali m'chipinda cha odwala mwakayakaya, pakati pa makina olira ngati tianapiye. Ankamupatsa mankhwala oti magazi azithamanga mwamphamvu kuti mtsempha uja usafe njala. Mawu anasasadi, moti kwa kanthawi dziko linapuma. Kumeza kunkamupweteka, ndipo chodabwitsa ankadandaula kwambiri za m'chiuno mmene anadulamo kafupa kuposa za khosi. Atamusamutsira ku wodi, anamwino ankabwera atatu kudzamutembenuza, mmodzi atagwira mutu, thupi lonse n'kugubuduka pamodzi ngati chipika, kuti asachite zilonda.

Sindikunamizani, panali masiku oipa. M'mawa uliwonse adokotala ankavundukula mapazi n'kumuuza kuti agwedeze zala. Iye ankalimbana mpaka thukuta pachipumi, koma mapazi ali phee ngati a munthu wina. Adokotala ankavundikira n'kupita ku bedi lina. Phuma anasiya nthabwala, anasiya kudandaula, ngakhale chakudya cha m'chipatala anasiya kuchinyoza, ndipo apa ndi pamene ndinachita mantha enieni. Tsiku lina anandituma kuti ndiuze alamu kuti ngati akufuna kubwerera kwa makolo awo, iye sawaletsa. Ndinamuyankha kuti ine ndimachapa zovala, mauthenga otero sindinyamula, akadzachira adzakanene yekha. Alamu asakwiye pomva izi. Amene ankayankhula anali mantha, osati mwamuna wawo.

Nanenso kuntchito zinthu sizinkayenda. Abwana anandilola kusinthana nthawi ndi mnzanga kuti ndizipezeka pa nthawi yoona odwala, koma mutu unali kuchipatala, moti ndinawotcha kolala ya malaya a kasitomala wina wovuta kwambiri m'dera lonse lino. Anabwera kudzalalata, ndipo nditamuuza chifukwa chake anangoti pepani n'kunyamula malaya ake. Mawa lake anabweretsa malalanje oti ndikapatse wodwala. Anthu a m'tauni sudziwa powaika.

Ndiye tsiku lina masana ndinali ndikumudzoza mafuta kuzidendene, popeza zinali zitayamba kung'aluka. Iye ndi mawu ake osasawo anati ndisiye kumugirigisha. Ndinayankha kuti munthu wosamva sagirigishidwa. Ndili pakati ponena zimenezo, chala chachikulu cha kuphazi la kumanja chinawerama n'kuwongoka. Ndinaganiza kuti ndachikankha ndine. Ndinachotsa manja onse, n'kuwaika kumbuyo ngati mwana wa sukulu, n'kumuuza kuti achitenso. Chinaweramanso.

Ndinaitana namwino, namwino anathamangira adokotala. Mukanaona, Amayi: azimayi atatu akuluakulu titawerama pa chala cha wopenta, chikhadabo chake chikadali ndi penti wobiriwira m'mphepete. Adokotala anamuuza achite, aleke, achitenso, kenako ayese kumanzere. Kumanzere kunangonjenjemera ngati khutu la mbuzi, koma kunanjenjemera. Tsiku limenelo ndinaona mano a adokotala koyamba. Ali nawo, ndipo ndi abwino. Bambo wa pa bedi loyandikana anayamba kuguguda kabati ndi kapu, wodi yonse n'kulandira, mpaka mkulu wa anamwino anabwera kudzafunsa ngati kuli ukwati.

Kuyambira pamenepo anagwera m'manja mwa bambo wa mafizo, amene odwala anamupatsa dzina loti Sajeni. Ndi munthu waulemu, sakweza mawu, koma akati kakhumi ndiye kakhumi, ndipo kuwerenga kwake kumabwerera m'mbuyo ukachita mwaulesi. Tsiku loyamba kumukhazika tsonga, Phuma anaona mdima n'kukomoka. Atatsitsimuka anapeza Sajeni akumudikira kuti ayesenso. Kenako kunabwera kukhala m'mphepete mwa bedi, kenako kuimirira pakati pa zitsulo ziwiri, anthu atamugwira m'chiuno, mawondo akugwedezeka ngati a mwana wa ng'ombe wongobadwa. Phuma amafuna zonse zichitike tsiku limodzi. Sajeni anangomuuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo mwana wanu waphunzira kudekha kumene inu ndi ndodo yanu munalephera kumuphunzitsa.

Manja ndi amene akuchedwa. Amamupatsa zitsekerero za mabotolo kuti azitola n'kumaponya m'kapu, ndi mapegi oyanikira zovala kuti azitsegula. Mapegiwo ndinabweretsa ndine, pamenepo pokha ndi pamene ntchito yanga inathandiza chipatala. Dzanja lamanja labwerera, amadya yekha, amagwira kapu, ndipo dzana anamanga batani limodzi atalimbana nalo mpaka tiyi kuzizira. Kumanzere zala ziwiri zakumapeto zidakali zopinda, sizimvera. Adokotala akuti zitha kumasuka miyezi ikubwerayi, kapena zitha kukhala choncho. Za makwerero anamuuza kuti aiwale, azipenta pamene mapazi ali pansi.

Musaganize kuti aliyense zimamuyendera chonchi. Bambo wa pa bedi loyandikana uja anachita ngozi ya galimoto, ndipo mtsempha wake unaonongekeratu pomwepo. Opaleshoni anamuchita adokotala omwewa, khosi linalimba, koma miyendo sinabwerere, akuphunzira kuyendetsa njinga ya odwala. Ndi iyeyo amene amakuwira Phuma kuposa wina aliyense akamachita mafizo, amamutchula kuti mphwanga. Muzimukumbukira m'mapemphero anu, ngakhale simukumudziwa.

Tsopano imvani za sabata yathayi. Ndinafika masana n'kupeza bedi lili lopanda munthu. Bambo woyandikana uja anangondilozera kukhonde ndi chibwano. Nditatuluka ndinaona Phuma ali chiimire, kolala m'khosi, manja atagwira chitsulo choyendera cha miyendo inayi, Sajeni ali kumbuyo kwake manja ali m'malere osamukhudza. Anakankha chitsulo, n'kukoka phazi lamanja, kenako lamanzere linatsatira mochedwa ngati mwana wokana kupita kusukulu. Anakankhanso. Mayi wokolopa anachotsa ndowa yake panjira n'kuima kukhoma, anamwino anasiya zolemba, odwala amene amatha kudzuka anadzaza pamakomo. Kunkangomveka chitsulo ndi kupuma kwake.

Khondelo ndi lalitali, ndipo kumapeto kuli windo. Pakati panjira anaima, ndinaganiza kuti watha. Sajeni anabweretsa mpando, iye anaukana ndi maso. Anapitiriza mpaka chitsulo chinagunda khoma la pansi pa windo. Anthu anaomba m'manja, mayi wokolopa analulutira, ine epuloni ndinalibe tsiku limenelo ndiye ndinadzipukuta ndi mkono. Ndinayandikira kuti ndimve chimene anene pa nthawi yaikulu ngati imeneyi. Anayang'ana khomalo, akupuma mwawefuwefu, n'kunena kuti amene anapenta pano ndi wakuba, wadutsa kamodzi kokha, mizere ya burashi ikuoneka yonse.

Mwana wanu akuyenda, Amayi. Amene akuwerengayo abwereze pamenepa.

Za a Lumo, amalume asavutike n'kukonza mlandu. Adokotala anati fupalo linali litasweka kale, likanatha kutsetsereka m'basi pa bampu, kapena pa pilo ali mtulo kopanda womugwira mutu. Komabe anawaitanitsa a Lumo n'kulowa nawo mu ofesi. Zimene anakambirana sindikudziwa, koma a Lumo anatuluka atafupika. Zopotokola makosi anasiyiratu, ndipo makasitomala ena athawa, popeza chatsala ndi kametedwe kokha. Tsiku lawo lopuma amabwera ku wodi kudzameta amuna onse ndevu. Akafika pa Phuma manja awo sadutsa makutu, ndipo iye amawaseka kuti amalize ntchito imene anaisiya pakati. A Lumo samaseka nawo.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi. Akumutulutsa posachedwa. Kumene ankakhala ndi anzake ndi pamwamba, pokwera masitepe, ndiye abwera m'chipinda changa, chili pansi. Ndasuntha kale kabati kuti chitsulo chake chizidutsa. Kolala azivala miyezi ingapo mpaka kafupa ka m'chiuno kaja kagwirane ndi anzake. Afunika womusambitsa, womuveka, womupukuta pansi pa kolala mutu osagwedezeka, ndi woyenda naye ku mafizo. Ine ndimakhala kuntchito tsiku lonse, komanso ndine mlongo wake, pali zina zimene mlongo sachita, ndipo iye atha kulola kununkha kusiyana n'kuti ndimuthandize. Chonde tumizani alamu, amake mapasa, abwere.

Ndikudziwa kuti ndikukupemphani miyendo yanu. Ndi iwo amene amatunga madzi, amapita kuchigayo, amakuthowani bondo. Koma azakhali ali pafupi, ndipo mapasa akula moti atha kutsala ndi inu osalira kupitirira masiku awiri. Si za muyaya. Alamu anyamule zovala zawo ndi mtima wawo wautali uja basi. Makungwa, mizu ndi mafuta othowera khosi zitsale, ngakhale wopereka atakhala wachikondi chotani. Anamwino akuti akafika adzawaphunzitsa okha kagwiridwe kake Phuma asanatuluke.

Mundiperekere moni kwa amalume, muwauze kuti msonkhano wa abale uja asauthetse, angousandutsa wothokoza. Moni kwa azakhali ndi ana awo, kwa achimwene a Bambo ndi akazi awo, ndi kwa mayi wa kugolosale, amene ndikuwapempha kuti foni yanu ikadzadza aziitumiza kunyumba tsiku lomwelo. Mapasa muwauze kuti bambo awo ali ndi chitsulo m'khosi, koma asayembekeze kuti maginito adzamata, tayesa kale. Bambo wa pa bedi loyandikana nayenso akuti moni kwa mayi wobereka mphwake.

Kwa alamu kuli uthenga wochokera kwa mwamuna wawo, ndipo uwu ndavomera kunyamula. Akuti akadzamutulutsa, tsiku loyamba kugona kwanga, iwo atsalire panja pang'ono ndi zikwama, ine ndimulowetse n'kutseka. Kenako agogode. Zidzamutengera nthawi kuchoka pampando kufika pachitseko, ndipo loko wanga ndi wolimba ngakhale kwa munthu wa zala khumi. Asatope, asakankhe, ndipo ine ndisathandize. Akufuna adzawatsegulire yekha.

Mulungu akusungeni, Amayi, ndipo mankhwala a bondo aja mumwe.

Ine mwana wanu wachisamba.